Guendolen ndi Wissmann: mbiri ya sitima za boma pa Nyanja ya Malawi

Mu Julayi 1915 sitima yapamtunda yochokera ku Cape Town inawoloka mlatho wa njanji wa pa Kafue itasenza katundu wachilendo: maboti awiri ankhondo, Mimi ndi Toutou, lililonse lotalika mamita 12, pamodzi ndi amalinyero a Britain otsogozedwa ndi Geoffrey Spicer-Simson. Mlathowo, wa mamita 427, unamangidwa mu 1906. Ulendo unali wa ku Nyanja ya Tanganyika, kumene sitima za Ajeremani zinkayenda popanda woziletsa, mpaka kumafika magombe a kufupi ndi Mbala. Njanji itathera pa Fungurume m'dziko la Congo, mabotiwo anachita kukokedwa ndi mathirakitala oyendera nthunzi, ng'ombe ndi mikono ya anthu, kukwera mapiri, ndipo anakaona madzi a nyanjayo kumapeto kwa Okutobala. Pa 26 Disembala anagwira sitima ya Kingani, pa 9 Febuluwale 1916 n'kumiza Hedwig von Wissmann.

Ku Nyanja ya Malawi kunalibe chipsinjo chonsechi. Mlandu wa sitima ya Ajeremani unatha m'mawa umodzi, nkhondo yoyamba ya dziko lapansi isanakwanitse n'komwe masabata awiri, chifukwa boma la Nyasaland linali kale ndi nthambi yakeyake ya sitima, imene m'mabuku a boma inkalembedwa kuti Marine Transport Department. Nthambi imeneyi ndi yomwe tikufuna tilondole mbiri yake, ndipo sitingathe kutero popanda sitima ya Ajeremani ija, Hermann von Wissmann, poti ziwirizi zinakulira limodzi, zinagwirira ntchito limodzi, zisanadzaomberane.

Chiyambi chake chili pa gombe la Makanjira. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa Britain, anapeza kuti mwini nyanja ndi yemwe ali ndi zombo. Makanjira kum'mawa ndi Jumbe ku Nkhotakota anali nazo zombo za matanga, zowolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo opita kunyanja yamchere. Johnston analibe ngakhale bwato. Ankachita kubwereka Domira, sitima ya kampani ya Mandala. Mu Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire anakwera Domira yomweyo ndi asilikali ake a ku India kukatentha zombo ziwiri za Makanjira. Kutentha anatenthadi, koma iye anaomberedwa ali m'madzi pobwerera, Domira n'kutitimira pamchenga kwa masiku angapo, zipolopolo zikuigwera kuchokera kumtunda. Imfa imeneyi inatsegula makutu ku London. Pofika 1893 panyanja panali sitima ziwiri za mizinga, Adventure ndi Pioneer, ndipo pa Shire wakumtunda panali Dove. Kumapeto kwa chaka chomwecho mizingayo inagumula mudzi wa Makanjira, pamalopo n'kumangapo linga lotchedwa Fort Maguire. Poyamba sitimazi zinali m'manja mwa gulu lankhondo lapamadzi la Britain, koma patangopita zaka zochepa zinaperekedwa ku boma la kuno, likulu lake n'kukhala ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi.

Sitima yopita ku Nyanja ya Malawi sinkabwera yathunthu. Ankaimanga ku Ulaya n'kuiphwasulanso, chitsulo chilichonse n'kuchilemba nambala. Zidutswazo zinkatsikira pa doko la Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, pamene mathithi amatseka njira. Kuchoka apo zonse zinkayenda pamitu ya anthu, kukwera chitunda cha ku Blantyre n'kutsikira ku Matope kapena ku Mpimbi, kumene amisiri ankazilumikizanso ndi misomali yowotcha pamoto. Ilala ya amishoni mu 1875 inasenzedwa ndi anthu pafupifupi 800. Chauncy Maples ya mpingo wa Anglican inabwera m'zidutswa 3,481, ndipo ng'anjo yake ya matani 11, imene sinkatheka kuigawa, inakokedwa pa ngolo ndi Angoni 450. Choncho sitima iliyonse isanayambe kunyamula anthu, inkayamba yanyamulidwa ndi anthu.

Njira yomweyi ndi imene Ajeremani anadzera. Hermann von Wissmann anali msilikali amene anathana ndi kuwukira kwa Abushiri pa gombe la kum'mawa kwa Africa pakati pa 1888 ndi 1890, ndipo anathana nako mwa kutentha midzi ndi kupachika anthu. Atabwerera kwawo anayamba kusonkhetsa ndalama zomangira sitima yoti ikathetse malonda a akapolo pa nyanja za m'kati mwa Africa. Sitimayo inamangidwa ku Hamburg ndi kampani ya Janssen & Schmilinsky, ndipo ndalama za ulendo zinachokera ku bungwe la Ajeremani lolimbana ndi ukapolo, lomwe mu 1891 linachititsa lotale m'dziko lonse la Germany. Cholinga choyamba chinali Nyanja ya Victoria. Koma mu Ogasiti 1891 Ahehe a Mkwawa anapululutsa gulu lankhondo la Ajeremani pa Lugalo, njira za kumtunda n'kukhala zosayendeka, onyamula katundu osapezeka. Ndi chifukwa chake Wissmann anakhotera ku Zambezi mu 1892, n'kudzapempha njira m'dziko la Angerezi. Sitimayo anailumikizira pa Mpimbi ndipo inalowa m'madzi mu 1893. Mwini dzina anali atatsogola kale kumpoto kwa nyanja, kumene anamanga boma la Langenburg pa Lumbila. Ndalama za lotale zitatha, bungwe lija linapereka sitimayo ku boma la German East Africa.

  Wissmann inali kasitima ka mamita pafupifupi 26, kosalowa pansi kwambiri kuti kazitha kuyandikira gombe, ka injini yoyendera nthunzi ndi kamzinga kutsogolo, liwiro lake longa la munthu wopalasa njinga mosafulumira. Komabe kasitima ka pa Mpimbi kanagwira ntchito zaka makumimakumi. Pa nyanja imene ena onse akuyendera matanga ndi nkhafi, mzinga umodzi woyenda ngakhale mphepo itakana unali wokwanira.

Chodabwitsa kwa ife lero ndi mmene atsamunda awiriwa ankathandizirana. Kumayambiriro kwa 1893, sitima ija isanathe n'komwe, Johnston anapanikizidwa ndi anthu a Liwonde pa Shire, ndipo mwa amene anakamupulumutsa munali Mjeremani, von Eltz, ndi asilikali a ku Sudan a m'gulu la Wissmann. Mu Novembala 1895, Johnston akupita kukamenyana ndi Mlozi ku Karonga, sitima zake zinachepa, ndiye anachita hayala Wissmann kuti imunyamulire asilikali. Malinga a Mlozi anagwa, iye n'kupachikidwa kumayambiriro kwa Disembala. Palibe angakane kuti mizinga imeneyi inatseka njira ya akapolo yowolokera nyanja, ndipo Angonde amene Mlozi anawazunza sanalire naye. Koma sitima zomwezo, akapolo atatha, sizinabwerere kwawo. Zinayamba kunyamula ma DC, apolisi ndi okhometsa msonkho wa nyumba. Mfumu ya m'mbali mwa nyanja ikaona utsi ukutuluka kuseri kwa phiri, inkadziwa kuti boma lafika, kaya ndi la mbendera iti.

Mu 1899 nthambi ija inalandira sitima yake yaikulu, Guendolen, ya matani pafupifupi 340, yomangidwa ndi kampani ya G. Rennie ku Greenwich n'kulumikizidwa ku Fort Johnston. Dzinalo linali la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo. Zaka 15 zotsatira zinali zabata. Guendolen inkazungulira madoko ndi makalata, akuluakulu a boma, asilikali osinthana malo ndi katundu. Kaputeni wake, Edmund Rhoades, ankayeza kuya kwa nyanja ndi kutumiza nsomba ku London kuti akatswiri akazipime, moti mpaka lero pali nsomba ya m'nyanja yathu imene m'mabuku a sayansi imatchedwa Chilotilapia rhoadesii.

Ntchito yeniyeni inali pansi, kumene alendo sankafikako. Sitima zonsezi zinkadya nkhuni, ndipo m'mbali mwa nyanja munali malo okhazikika otolerapo nkhunizo, zodulidwa mofanana n'kuunjikidwa m'milu yoyezedwa. Sitima ikaima, anthu ankandandalika kuchokera pamulu mpaka pabwato, chikuni n'kumayenda dzanja ndi dzanja, kenaka n'kuponyedwa m'mimba mwa sitimayo. Mmenemo munali wosonkhezera moto, wopanda malaya, thukuta lili kamukamu, diso lili pa kageji koonetsa mphamvu ya nthunzi. Mwera ukawomba, sitima n'kumapendekera uku ndi uku, iye ankayenerabe kutsegula chitseko cha ng'anjo n'kulowetsa chikuni osaphonya. Ambiri mwa amalinyero amenewa anali Atonga, Ayao ndi Anyanja a m'mphepete mwa nyanja momwemo, ndipo ndi iwo ankadziwa pamene pali mwala wobisika ndi pamene mphepo imatembenukira.

Rhoades ndi kaputeni wa Wissmann, Berndt, anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Azungu oyendetsa sitima panyanjapo anali owerengeka, ndipo akakumana padoko ankamwera limodzi.

Britain inalengeza nkhondo pa 4 Ogasiti 1914. Uthenga unafika msanga ku Zomba pa lamya, ndipo Bwanamkubwa George Smith anaona nthawi yomweyo pamene panali choopsa. Asilikali a Keyala anali kummwera, malire ndi Ajeremani anali kumpoto pa mtsinje wa Songwe, ndipo misewu yoti n'kudalira kunalibe. Njira inali nyanja basi. Wissmann ikanakhala pamadzi ndi mzinga wake, sitima iliyonse yodzaza asilikali ikanakhala pangozi. Rhoades analamulidwa kuti akaipeze n'kuithetsa mphamvu.

Anamangirira mzinga wa Hotchkiss pa Guendolen, n'kupeza Mskotishi wina wogwira ntchito m'sitolo ya Mandala amene ankati anaphunzirapo kuombera. Kuchokera ku Nkhata Bay anawoloka usiku, ndipo m'bandakucha wa pa 13 Ogasiti analowa pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Anapeza Wissmann ili pamtunda, itakwezedwa kuti ikonzedwe. Zipolopolo zinali zakalekale, zina zosaphulika, zina zongodutsa pamwamba, mpaka chimodzi chinalasa. Akuti Berndt anadumphira m'kabwato atavala kabudula, n'kupalasa molunjika Guendolen, kukwera mokalipa, n'kumufunsa mnzakeyo ngati waledzera. Za nkhondo anali asanamve. Anamukhazika pansi, kumupatsa chakumwa, n'kumuuza kuti tsopano ndi mkaidi. Angerezi anazula mzinga wa Wissmann ndi zitsulo zofunika za injini, n'kubwerera. Ku London nyuzipepala ya The Times inalengeza kuti Britain yapambana nkhondo yapamadzi pa Nyanja ya Nyasa, ndipo mabuku ambiri amati uku kunali kuomberana koyamba kwa sitima m'nkhondo yonse yoyamba ya dziko lapansi.

Nkhaniyi imakambidwa ngati nthabwala, ndipo ndi yoseketsadi. Vuto ndi loti ambiri oikamba amathera pomwepo, pa funso la Berndt, ngati kuti m'mawa umenewo sunabale kanthu.

Nyanja itatseguka, boma linalanda sitima zonse: Chauncy Maples ndi Charles Janson za amishoni, Domira ndi Queen Victoria za Mandala, kuwonjezera pa zake. Pasanathe masabata awiri asilikali a Kaputeni Barton anali atatsikira ku Karonga. Pa 9 Seputembala 1914 anakumana ndi Ajeremani pa Karonga pomwepo, Ajeremani n'kubwerera atataya anthu ambiri. Ochuluka mwa ogwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Maliro amenewa ndi amene anachititsa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala, kufunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu ayenera kufera nkhondo ya eni chuma ndi maudindo. Pa 23 Januwale 1915 anawukira, pa 3 Febuluwale n'kuphedwa.

Ajeremani nawo sanagone. Anayamba kukonza Wissmann, ndipo Angerezi atamva anabwereranso ku Sphinxhaven pa 30 Meyi 1915, ulendo uno motsogozedwa ndi George Dennistoun wa ku New Zealand, atatenga asilikali a Keyala. Panali kuomberana kwenikweni, ndipo pochoka anasiya ataiphulitsa ndi mabomba kuti isadzayandamenso m'manja mwa Ajeremani.

Kuyambira mu 1916, General Edward Northey atayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kudzera kumpoto, nthambi ya sitima ija inasanduka msana wa nkhondo yonse ya mbali ino. Katundu ankakwera Zambezi mpaka Chindio, pa njanji mpaka Limbe, pa malole ndi pamitu kudzera ku Zomba mpaka Fort Johnston. Zaka zimenezo nyanja inali itaphwa kwambiri, moti sitima zinkadikira panja, katundu n'kumaperekedwa ndi mabwato. Kuchoka apo ankapita ku Karonga, ku Mwaya, ku Manda ndi ku Mbamba Bay. Koma sitima imathera pagombe. Kukwera mapiri a Livingstone kupita ku Njombe, ku Songea ndi ku Iringa inali ntchito ya amtengatenga, ndipo sitima zomwe zinkanyamula ufa ndi zipolopolo ndi zomwenso zinkanyamula anthu okasenza zinthuzo. Akatswiri a mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 m'nkhondoyi, imene anthu ankaitcha ya Chiwaya, dziko lonse lili ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa usiku m'midzi, mafumu ataopsezedwa, ndipo chimene chinkawapha kwambiri si chipolopolo ayi, koma kamwazi, chibayo cha kumapiri ozizira ndi njala.

Kuti timvetse mtengo wa nyanja, tiyang'ane ku Northern Rhodesia, kumene kunalibe njira yamadzi yotere. Katundu wa asilikali a ku Mbala ankadzera njanji ya pa Kafue yomwe ija mpaka Broken Hill, Kabwe wa lero, kapena Ndola, ndipo kuchoka apo panatsala ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000. Munthu mmodzi ankasenza makilogalamu 27, iye n'kumadya pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku. Werengani nokha: pasanathe mwezi akanakhala atadya katundu yense amene wasenza. Ndi chifukwa chake boma linachita kusonkhanitsa mabwato ambirimbiri kuti adzere mu Luapula ndi m'madambo a Bangweulu mpaka Chambeshi. Kwa akuluakulu ankhondo, Guendolen inali dalitso. Kwa mnyamata wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, inatanthauza kuti boma likhoza kumufikitsa kutali ndi kwawo m'masiku ochepa, kumene ngakhale atathawa sakanadziwa njira yobwerera.

Nkhondoyo inathera ku Zambia. Paul von Lettow-Vorbeck anamva za mgwirizano wosiya nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Wissmann anaikonza Angerezi n'kuitcha King George, pambuyo pake n'kugulitsidwa kwa amalonda kuti izinyamula katundu. Dziko la German East Africa linasanduka Tanganyika, lolamulidwa ndi Britain, kotero kuti panalibenso mdani woti n'kumuloza mzinga. Nthambi ya sitima inabwerera ku makalata ndi akuluakulu a boma, ndipo m'zaka za m'ma 1930, njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima, ntchito ya panyanja inapita m'manja mwa Nyasaland Railways. Kampaniyi ndi imene inabweretsa Mpasa mu 1935, Vipya imene inamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145, ndi Ilala yachiwiri imene inayamba ntchito mu 1951. Guendolen inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940. Likulu la sitima linasamukira ku Monkey Bay, komwenso lero kuli asilikali apamadzi a Malawi Defence Force.

Chimene sichinaphwasulidwe ndi pepala. Pangano la Britain ndi Germany la pa 1 Julayi 1890 linaika malire pa gombe la kum'mawa kwa nyanja, osati pakati pa madzi, ngakhale kuti kwa zaka 21 sitima ya mbendera ya Germany inkayenda pamadzipo popanda wodandaula. Malawi imaima pa panganolo, Tanzania imati malire adzere pakati. Mkanganowu unabuka nthawi ya Kamuzu Banda ndi Julius Nyerere, unabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, ndipo amkhalapakati otsogozedwa ndi Joaquim Chissano sanaumalize.

Mzinga wa Guendolen ulipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, musanawoloke mlatho wa Bakili Muluzi. Chapafupi pomwepo pali chikwangwani cha anthu amene anamira ndi Vipya, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum anamangamo chifaniziro cha mbali yakutsogolo ya Guendolen. Aphunzitsi amene mumapita kumeneko ndi ana a sukulu, auzeni ndithu za kaputeni wa kabudula uja, aseke. Akatha kuseka, muwatume akafunse kwawo ngati m'banja mwawo munali amene anakwera sitimazi kupita ku mtengatenga, anatsikira doko liti, ndipo ngati anabwerako. Mayankhowo alembedwe m'makope, ndi maina omwe.